Mlonda wa Ufa

Matenda a Elifala sanaodire n'komwe pakhomo. Anangolowa, mwezi wa Juni, nthawi ija chifunga chimatsika m'mapiri a Ntchisi n'kudzakhala pakhonde ngati mlendo woiwala kwawo. Munthuyo sanatenthe thupi, sanatsokomole, sanatsegule m'mimba. Anangosiya kulankhula basi. Elifala ameneyu, woyimbitsa kwaya pa tchalitchi cha m'mudzimo, bambo woti akaseka agalu a kutsidya kwa dambo ankayankha, anagona choyang'ana kukhoma, bulangete kumutu. Mkazi wake Faines akamufunsa chimene chikuwawa, ankangoti, "Palibe, Nambewe. Ndisiyeni."

Tsono Elifala anali mkamwini. Kwawo kunali ku Mvera, ndipo kuno kuseri kwa Malomo anabwera kudzakwatira. Anamanga nyumba pamalo a kuchikazi, anadzala misuku iwiri pabwalo, anabereka mwana mmodzi, Talandira, amene anakwatiwa kutali ku Mzuzu. Koma mkamwini, ngakhale imvi zimerere pamudzipo, amakhalabe wa eni ake. Akadwala kwambiri abale amabwera kudzamutenga kuti akadwalire kwawo. Faines ankadziwa amayi angapo m'mudzimo amene anatsala ndi nsapato za amuna awo pansi pa bedi, mwini nsapato atapita, osabweranso.

Ndiye tsiku limene anaona Lidia, mlongo wake wa Elifala, akutsika pa kabaza ndi chikwama chake cha Chigwirizano cha amayi, anadziwa chimene chamubweretsa.

Awiriwa ankakondana, musaganize zina. Monga amachitira alamu, Lidia ankamuitana Faines kuti mkazi wanga, ndipo ankanyozana kuyambira pa moni mpaka potsanzikana.

"Mkazi wanga!" anafuula Lidia ali kumsewu. "Ndamva kuti achimwene anga wawabisa m'nyumba ngati shuga!"

"Amuna anga, mwabwera ndi njala kapena ndi milandu?" anayankha Faines. "Ngati ndi njala bwererani, nkhuku zanga zonse zalowa mpingo, sizikuphedwa."

Anaseka, anagwirana m'mapewa. Koma Lidia atalowa kuchipinda n'kutulukamo, kuseka anakusiya momwemo. Anakhala pa mphasa, anamasula duku, analimanganso.

"Alamu," anatero, "munthu sagona mumdima chonchija ngati mbatata ya m'nkhuti. Ndawapatsa moni, andiyang'ana ngati ndabwera kudzagulitsa makala. Ine ndibweranso mvula isanagwe. Ndikadzawapeza ali m'nyumba momwemo, ndidzapita nawo. Sikuti ndikukuopsezani ayi, ndikungokuuzani."

Mawa lake Faines anachita chimene mayi wina aliyense wa kumapiri kuno akanachita. Wodwala timamutulutsa kuti awothere dzuwa. Anamukoka mwamuna wake ngati mbuzi yozindikira kuti ikupita kumsika, mpaka pa thanthwe lalikulu la kuseri kwa nyumba, pamene amayi amayanikapo ufa ukachoka kuchigayo. Anayala mphasa, anamwaza ufa wake woyera, n'kumupatsa Elifala kandodo m'manja.

"Bambo a Talandira, ntchito nayi. Nkhuku ikayandikira, muimenye. Mbuzi ikayandikira, muimenye. Priscilla akayandikira, mumumenye kawiri."

Priscilla anali mng'ono wake wa Faines, wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo anayankhira kukhitchini kwake kuti wamva.

Kulondera ufa ndi ntchito ya odwala ndi nkhalamba. Sifuna mphamvu, imangofuna maso. Masiku oyamba Elifala ankangokhala, kandodo pamwendo, nkhuku zikudya ufa mpaka kumuthokoza. Koma dzuwa la Julayi ndi lofatsa, limagwira munthu pamsana ngati dzanja la mnzake. Pang'ono ndi pang'ono khosi lija linayamba kudzuka. Ndipo tsiku lina Faines akudutsa ndi ndowa ya madzi anamva mawu kumbuyo kwake.

"Nambewe, nkhuku yanu yofiira ija ndi mbava. Ikufunika ikaonekere kwa akulu a mpingo."

Faines sanatembenuke. Anatula ndowa, anazungulira kuseri kwa nkhokwe, analuma chitenje kuti asamveke, n'kulira mpaka mphuno kutupa. Atabwerako ananena kuti utsi unamulowa m'maso, chonsecho moto anali asanakoleze.

Mu Ogasiti Elifala anayamba kung'ung'udza nyimbo. Kenaka kuyimba ndithu. Nkhuku zinamudziwa, mbuzi zinkalambalala thanthwe lija ngati pali manda. Amayi a m'mudzimo ataona kuti kwapezeka mlonda wosalipidwa, anayamba kubwera ndi madengu awo. Uyu ufa, uyu mphale yonyowa, uyu ufa wa ukwati wa mwana wake. Thanthwe lonse linayera mbuu, mphasa kugundana ndi mphasa, moti dzuwa likafika pamutu munthu sukanayang'anapo osatsinzina. Pakati pa kuyera konseko pankakhala Elifala, kuyambira kum'mawa mpaka mithunzi itatalika.

Chimene chinkamukondweretsa kwambiri Faines n'chakuti thanthwe lija limaonekera kumsewu. Aliyense wopita ku Malomo pa njinga ankamuona Elifala ali panja, akuyimba, akugwira ntchito. Nkhani imayenda ndi anthu a njinga. Faines ankadziwa kuti ikafika ndithu ku Mvera.

Seputembala anadutsa. Okutobala anafika ndi dzuwa lake lija losadziwa m'bale. Nyenje zinkalira m'misuku ngati zalipidwa, udzu unapsa, agalu ankagona pansi pa nkhokwe malilime panja. Nkhalamba zonse zolondera ufa m'midzi ina zinasamukira pamthunzi n'kumaponya timiyala chapatali. Elifala yekha sanasunthe. Faines anamupatsa chipewa, iye anachiveka chitsa.

"Chipewa n'cha anthu amene ali ndi mlandu ndi kumwamba," anatero, n'kuseka. Kuseka kwake kunali kutasintha, kunkatalika kupitirira nthabwala yake.

Chakudya ankangochilawa. Faines akadzuka m'mawa ankapeza mbali ya mwamuna wake pabedi ili yozizira, mwini wake ali kale pa thanthwe, wakhala choyang'ana kum'mawa, akudikira dzuwa ngati munthu wodikira basi. Ankalankhula osapuma. Ankati ayambitsa kwaya ya anthu a m'midzi yonse kuchokera ku Malomo mpaka ku Mvera. Ankati amanga tchalitchi chopanda denga. Maso anafiira, milomo inang'ambika, koma iye ankati sanamvepo bwino chonchi chibadwire.

Priscilla ndiye anayamba kunena. Anamupeza mkulu wake akutsuka mbale.

"Achemwali, alamu aja si kuchira kumeneku."

"Wayamba."

"Dzulo anandigwira padzanja, anandiyimbitsa nyimbo imodzimodzi mpaka ndiwo zanga kupserera. Diso osaphethira. Ine ndinachita mantha."

"Ali gone munkati akudwala. Adzuka mukuti akudwala. Mukufuna atani, auluke?" Faines anaponya mbale m'beseni madzi n'kuthovukira Priscilla. "Mwamuna wako akamalankhula kamodzi pa mwezi ngati wailesi yotha mabatire, usamachitire nsanje anzako."

Priscilla anapukuta kumaso n'kuchoka. Faines anatsala akutsuka mbale yotsuka kale. Mumtima ankadziwa kuti china chake chapendekeka, koma akayerekeza munthu wogona choyang'ana kukhoma ndi munthu woyimba panja, ankasankha woyimbayo. Woyimba satengedwa.

Sabata imeneyo uthenga unabwera ndi wa kabaza wina kuti a Lidia akuti afika tsiku lina lililonse. Faines anasesa bwalo, anazira khonde, khutu lili kumsewu.

Linali Lachitatu, dzuwa lili paliwombo, pamene anamva mapazi pakhomo. Anatuluka msangamsanga akukonza duku. Sanali Lidia. Anali Elifala, kandodo kali m'manja, dzanja lina atagwira chipumi. Sankaseka. Mawu ake anali aja akale, apansipansi, a munthu amene anakhala naye zaka zonsezi.

"Nambewe," anatero, "m'mutu mwanga mukuwala kwambiri. Ndikatsinzina mukuwalabe. Ndilowe ndigoneko pang'ono."

Faines anayang'ana kumsewu. Kutali kunkabwera njinga, kumbuyo kwake kutakhala mayi wa duku loyera. Lidia afike, apeze mlongo wake ali gone mumdima masanasana, bulangete kumutu? Anaima pakhomo, manja uku ndi uku pamafelemu.

"Ayi, bambo a Talandira. Bwererani kaye. Alamu akubwera, akupezeni muli panja. Mugona madzulo."

"Pang'ono pokha, Nambewe."

"Bwererani, inu. Nkhuku zikutha ufa wa eni ake."

Elifala anamuyang'ana, anayang'ana mdima wozizira wa kuseri kwa mkazi wake, kenaka anatembenuka n'kubwerera pa thanthwe, pang'onopang'ono, ngati mwana wobwezedwa kusukulu. Njinga ija inadutsa osaima. Mayi wa duku loyera anali wina, wopita kumaliro kumtunda.

Elifala sanapemphenso kulowa, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Loweruka Faines ali kudimba anamva akazi akukuwa kumudzi. Anathamanga khasu lili m'manja. Atafika anapeza anthu ataunjikana m'munsi mwa thanthwe, palibe wokwera. Mphasa zonse zinali zitatayidwa kumbali. Ufa wa mudzi wonse, wa ukwati womwe, unali utakhuthulidwa pamwala, ndipo Elifala anali ataujambula mizere ndi kandodo kuchokera uku mpaka uko, n'kulembamo manotsi ake a kwaya. Mbuzi zinali m'katimo zikunyambita. Mwini wake anali ataima pakati, wopanda malaya, woyera ufa kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, nkhope itapenya kumwamba. Ankaliyang'ana dzuwa maso ali tong'o, misozi ikujambula mizere iwiri yakuda m'masaya, dzanja likumenya nyimbo.

"Tamverani!" ankafuula. "Likupereka poyambira! Inu simukumva? A besi, mwachedwa! Mbuzi inu, a besi!"

Ana ena anaseka. Amayi awo anawatseka pakamwa.

Faines anakwera yekha. Mwala unkaotcha kumapazi ngati chiwaya. Anamugwira padzanja.

"Bambo a Talandira. Tiyeni kunyumba. Tiyeni mukagone tsopano."

Elifala anatsitsa nkhope. Maso aja anamufufuza, akuphonya, ngati munthu wofuna chinthu m'chipinda chamdima.

"Mayi, mwachedwa kwaya," anatero mwaulemu. "Dzina lanu ndani? Mumayimba mawu ati?"

Amuna anayi ndiwo anamugwira. Anamenyana nawo, iye amene chikhalire sanamenyepo ngakhale galu. Chingwe panalibe, ndiye Faines anavula chitenje chake chapamwamba n'kuwapatsa, anamumanga nacho manja. Anamukweza pa ngolo mpaka ku Malomo, kuchoka apo pa galimoto mpaka kuchipatala cha ku boma. Njira yonse ankayimba, mawu atasasa, ufa ukugwera pamiyendo ya mkazi wake.

Anamubaya jakisoni, anagona tulo tofa nato. Dokotala wake anali bambo wodekha, wa magalasi. Anamuitanira Faines m'kachipinda n'kumufunsa zonse, kuyambira Juni. Faines anafotokoza, za bulangete, za thanthwe, za chipewa chovekedwa chitsa. Za Lachitatu lija sananene.

"Mayi," anatero dokotala, "matenda awa alipo, ndipo si ufiti. Amamutsitsa munthu pansi kwambiri, kenaka amamukweza pamwamba kwambiri. Kuwatulutsa panja poyamba paja sikunali kulakwa. Koma kwa anthu ena otere, kuwala kwambiri tsiku ndi tsiku, kutentha, ndi kusagona, zimakankha matendawa mpaka kusefukira. Maso awonso apsa, mwina sadzaonanso bwinobwino ngati kale."

"Ndiye kuti ndine," anatero Faines.

"Sindinatero. Matendawa anali nawo kale m'thupi. Chimene ndikunena n'chakuti azimwa mankhwala osadumphitsa, azigona mokwanira, ndipo dzuwa lamasana alipewe. Pamthunzi, mayi. Akatopa, alowe m'nyumba agone."

Faines anagwedeza mutu.

Lidia anafika patapita masiku angapo, Elifala atayamba kudzuka ndi kumwa phala. Anamupeza Faines panja, pansi pa mtengo pamene amakhala odikirira odwala, akuchapa malaya mu beseni. Faines anaimirira akudikira mkuntho. Koma Lidia anamukumbatira.

"Mkazi wanga, waonda ngati ndodo ya mfumu yosauka. Wavutika, mwana wa eni." Anakhala pansi, anatulutsa mbatata yootcha m'chikwama n'kuinyema pakati. "Kumudzi kwanu andiuza kuti ndi malungo aakulu, aja okwera kumutu. Zimachitika. Ine ndinamva zonse, mmene unawadzutsira achimwene, mmene ankayimbira pa thanthwe. Anthu a njinga ankatiuza. Ndinati, mkazi uja ndi mankhwala."

Faines anatafuna mbatata, maso ali m'beseni.

"Tsono tamvera," anapitiriza Lidia. "Mvula ili pafupi, uli ndi munda wodzala wekha. Ndiwatenge achimwene akapumeko kwathu, iwe udzale chimanga chako. Pa Khirisimasi ndidzabwera nawo ndekha, onenepa, udzachite kuwasowa. Ndipo usadandaule, ndikawasamala mmene unkachitira iwe. Pabwalo panga dzuwa limafika bwino kuyambira m'mawa. Ndili ndi ufa woyanika, ndili ndi mtedza. Ndikawapatsa kandodo kawo, azikawothera tsiku lonse mpaka adzayambenso kuyimba."

Khirisimasi. Faines anaiona ndithu: Elifala akutsika pa kabaza, iye akupha nkhuku yofiira ija, Priscilla akunyozedwa. Chinkangofunika n'kutseka pakamwa. Malungo aakulu sakhala mlandu wa munthu. Akanatha kungonena kuti adokotala akuti azikhala pamthunzi, koma ankamudziwa mlamu wake. Lidia sankamvera za achipatala pa nkhani ya kuwothera dzuwa, iye amene analera ana ake onse ndi dzuwa ndi phala. Akanangoti, adokotala ndi ana, akudziwa chiyani, si dzuwa lomweli linawadzutsa? Kuti amve, ankafunika kumva zonse.

Anayang'ana pabwalo la chipatala, pamene dzuwa linkawira pamchenga. Anaona nkhope yoyera ufa, ndi mizere iwiri ija.

"Alamu," anatero, "si malungo."

Ndipo ananena. Ananena zimene anafotokoza dokotala. Ananena za chipewa, za bedi lozizira m'mawa, za Priscilla amene anamuchenjeza iye n'kumuthira madzi a mbale. Kenaka ananena za Lachitatu, zimene ngakhale dokotala sanamuuze. Mawu ankatuluka okhaokha, ouma.

Lidia anasiya kutafuna. Anayika mbatata yake pa chitenje.

"Anapempha kulowa?"

"Anapempha."

"M'nyumba yomanga okha ndi manja awo."

"Eya."

"Inu n'kuima pakhomo."

"Ndinkaopa inu, alamu. Ndinkaopa kuti muwatenga."

Lidia sanakalipe, ndipo Faines akanakonda akanakalipa. Kenaka anamasula duku, analimanganso, anaimirira n'kusasa chitenje.

"Mayi a Talandira," anatero, "mundisonyeze mankhwalawo ndi kamwedwe kake."

Za Khirisimasi sanatchulenso.

Tsiku lotuluka m'chipatala, Faines anagula ambulera yakuda pamsika wa pa boma. Anayenda pambali pa mwamuna wake mpaka pokwerera minibasi za ku Mponela, dzanja lili m'mwamba, mthunzi wonse uli pa Elifala, iye dzuwa likumuwotcha paphewa. Elifala ankayenda pang'onopang'ono, mankhwala atamulemeretsa miyendo, akuponda mosamala chifukwa pakati pa chilichonse chimene ankayang'ana pankakhala kadontho kakuda. Lidia anali patsogolo ndi chikwama.

Pa minibasi Lidia anafunsa kondakitala mbali imene dzuwa likhale panjira, n'kusuntha mnyamata wina pampando kuti mlongo wake akhale mbali yamthunzi. Faines anapinda ambulera n'kumupatsa. Lidia anailandira ndi manja awiri, osamuyang'ana kumaso.

Faines anazungulira n'kukaima pazenera. Elifala anatembenuza mutu chammbali, mmene anali ataphunzirira kuti aone munthu.

"Nambewe."

"Ndili pano, bambo."

"Ufa uja akulondera ndani?"

"Priscilla."

"Aa," anatero Elifala, pakamwa pakuyesa kumwetulira. "Ndiye nkhuku zanenepa."

Faines anaseka, ndithu anaseka, dzanja lili pagalasi lotentha. Minibasi inalira, inanyamuka, fumbi linatsala likumulowa m'kamwa.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Pa thanthwe panalibe mphasa ngakhale imodzi, amayi anali atayamba kuyanika pamakomo pawo. Ufa unali udakali m'ming'alu ya mwala, ndipo nkhuku yofiira ija inkaujompha mosatekeseka, popanda woiopseza. Chipewa chinali pa chitsa pomwe paja. Faines anachitenga, anachikung'untha, n'kulowa nacho m'nyumba.

M'chipinda munali mozizira bwino, mwamdima, moti munthu wotopa akanagona tulo tabwino. Anawerama kuti aike chipewa pansi pa bedi, dzanja lake n'kugunda nsapato zakuda za kutchalitchi, zopukutidwa, zitagundana zidendene mmene mwini wake ankaziikira.

Priscilla anasuzumira pakhomo ndi mbale yovindikira. Anaona mkulu wake atakhala pansi, nsapato zili pamiyendo.

"Wa kabaza uja akupita ku Mvera Lolemba," anatero chapansipansi. "Tingamupatsire."

"Zisiye," anatero Faines. Anazibwezera pansi pa bedi, zidendene pamodzi. "Tseka chitseko, kukulowa dzuwa."